Ukwati wa Olive M'chigafa Changa

Lolemba, 2 Sepitembala

Olive, mlongo wanga, wabwera ndi mzungu wake wa ku Lifupa. Geoffrey. Wamtali, khosi lofiira ndi dzuwa, Chichewa cha mwana koma ulemu ulipo. Wagwada popereka moni kwa amayi. Ukwati pa 21. Kutchalitchi m'mawa, madyerero kuno.

Akufuna madyererowo achitikire m'chigafa changa. Akuti Geoffrey adachiona fodya ali lendelende, chidamukongolera. Mkazi wanga Fainess watuluka, ati akaone mbuzi. Mbuzi zinali kudambo.

Lachinayi, 5 Sepitembala

Chigafa chakale chidagwa pamalo omwewo. Mvula ya Febuluwale, mphepo, fodya wonyowa kulemera. Mwana wanga Sankhani ali mkati, akusewera ndi luzi. Sukulu anali asanayambe.

Ndidamanganso pomwepo poti malo ena kulibe. Angelina, wobadwa pambuyo pake, sanapondemo chibadwire. Tsono Olive akuti Angelina ndiye atsogolere akwati ndi kadengu ka maluwa, kudutsa pakati penipeni.

Ndamufunsa ngati mwamunayo akudziwa. Akuti ayi. "Achimwene, malo aja akhala a maliro mpaka liti?" Kuyankhula n'kosavuta. Iye sadafukule nawo udzu ndi manja.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Ndagogoda mzati uliwonse ndi chikwanje. Wapakati ukulira bwino. Ya kum'mawa chiswe chalawa m'munsi, ndazula, ndaika bulugamu. Oyilo wakuda woletsa chiswe m'maenje ndi m'mizati. Luzi latsopano paphaso.

Pomanga ndamva wina akukoka luzi kumbuyo kwanga, monga ankachitira iye uja. Kucheuka, nkhuku.

Lamulungu, 15 Sepitembala

Diresi la Angelina lafika. Loyera, lalitali pang'ono. Wakana kuvula, wadya nalo mbatata.

Ndamuuza Fainess kuti mwana salowa, apeze wina. Sanakweze mawu. "Chigafa chidatenga mmodzi. Uyu mukumubisira ndani?" Wapitiriza kupinda mpendero.

Lachinayi, 19 Sepitembala

Makolo a Geoffrey afika. Amayi ake kujambula chilichonse, ndi khola lomwe. Bambo ake nkhalamba yoyendera ndodo, sayankhula zambiri. Anthu a m'mudzi kudzaona ngati azungu adya therere. Adya.

Masana kamvuluvulu wadutsa m'munda, denga lagwedera. Palibe wina waona. Ndaonjezera mitengo yochirikiza. Amalume akuti ndikumanga ngati mudzagona njovu.

Za mwana sindinanene inde, sindinanene ayi.

Lamulungu, 22 Sepitembala

Dzulo.

Nyimbo zitayamba ndinangoona Angelina ali kale pakhomo pa chigafa, kadengu m'manja, Olive ndi Geoffrey kumbuyo akuvina pang'onopang'ono. Kumuletsa pamaso pa anthu sikukadatheka. Miyendo inanditengera pamzati wapakati. Ndinaukumbatira, manja onse, phewa lomwe.

Bambo a Geoffrey anandiyang'ana. Anaika ndodo pansi, anapita pamzati woyandikana, n'kuugwira momwemo. Ankayesa ndi mwambo wathu. Achibale awo kuona choncho, aliyense wake mzati, masuti awo kukhudza oyilo. Anthu kuseka, nthungululu. Anyamata a kuno nawonso kugwira, mongocheza. Mzati wopanda munthu panalibe.

Fainess yekha sanaseke.

Angelina anadutsa pafupi nane, kumwaza maluwa. Sanayang'ane m'mwamba n'komwe. Ine maso kudenga mpaka anatulukira mbali inayo.

Perekaniperekani sindinamuone.

Lolemba, 23 Sepitembala

Olive wamuuza mwamuna wake zonse, iye wauza bambo ake. Nkhalamba ija yabwera isanakwere galimoto. Sitimvana chiyankhulo. Yagwira mzati wapakati, kenaka phewa langa. Yaima choncho nthawi ndithu. Basi.

Lachitatu, 25 Sepitembala

Nazale ikufuna madzi, ndachedwa nayo. Pobwera ndi keni ndapeza Angelina m'chigafa yekha, wakhala pansi, akutola maluwa ofota aja. Akuyankhula motsitsa. Wawagawa milu iwiri, wina patsogolo pake, wina pambali.

Pakamwa ndatsegula. Ndaika keni pansi, ndagwira mzati wa pakhomo.

Sindinamuitane.