Chigongono cha Pansi pa Sinki

Lolemba, 9 Juni

Sinki yalowa m'khitchini. Waika ndi mkamwini wanga Raymond, uja amakonza za madzi ku Lifupa. Ine osandifunsa. Ine amene ndinkayala mapaipi a utsi m'mabani a fodya kuesiteti iye asanabadwe. Anangondikokera mpando, ati, "Khalani apa bambo, mungadetse malaya." Ndinakhala. Ngati mlendo.

Amake Goodness mano pamtunda tsiku lonse. Ati Lachinayi la sabata yamawa amayi a Chigwirizano adzasonkhana kwathu kuno, adzaione sinkiyo. Akhala akudikira ulemu umenewu zaka zambiri.

Lachitatu, 11 Juni

Ndagwada pansi pa sinki. Paipi yake yopindika ngati chigongono! Madzi kumangotsalira mmenemo. Ina yakwera khoma, yaboola lata langa, yatulukira padenga. Ndayang'anira m'mawa wonse, utsi osatuluka.

Raymond pafoni ati madzi otsalirawo ndiwo amatsekera fungo la kudzenje lomwe madzi a m'sinki amathera, ya padengayo ndi yopumira. Paipi kupuma? Ili ndi mapapo? Mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wotere.

Loweruka, 14 Juni

Amake apita kumaliro kwa Njombwa. Ndadula chigongono ndi sowo, ndalumikiza paipi yowongoka, ndamanga ndi mphira wa njinga. Kasefa ka pabowo nako ndachotsa, kamachedwetsa madzi. Ya padenga ndaitsekera chitsononkho. Madzi akuthamanga ngati mtsinje wa Bua m'dzinja. Ntchito ya munthu wodziwa.

Chigongonocho ndaponya m'chimbudzi, chisadzabwerenso.

Lolemba, 16 Juni

Kafungo. Ndati ndi mphaka. Amake ati tilibe mphaka. Ndati wa eni ake.

Lachiwiri, 17 Juni

Fungo lakula. M'bani paipi yabwino imakoka utsi kupita nawo kunja. Yangayi ikukoka za kudzenje kubwera nazo m'nyumba. Kukokako ndiye ikukoka bwino zedi, yangolakwitsa kolowera.

Ndafukiza zinyenyeswa za fodya. Tsopano tili ndi mafungo awiri. Amake akolopa, asuntha matumba kufuna khoswe wakufa. Kenaka andinunkhiza ine, ati ndikasambe.

Lachinayi, 19 Juni

Amayi a Chigwirizano abwera, mabulauzi oyera mbuu. Ndime yoyamba ya nyimbo anaimba bwino. Yachiwiri ankaimbira m'mipango. Mayi abusa, munthu wolimba mtima, anapitabe kukatsegula mpopi. Pabowo la sinki panatuluka chule, nakhala, nawayang'ana. Mmodzi wa iwo, Mayi Fyness, anakafika kumsewu nsapato ili imodzi.

Msonkhano anakamalizira pansi pa mango kwa aneba athu a Kalekeni. Mandasi athu palibe anakhudza.

Amake sanakalipe. Kukalipa kukanakhala bwino. Anagwada, anaona mphira wa njinga yanga, anadzuka pang'onopang'ono. "Atate ake Goodness, chopindika chija chili kuti?" Ndinati chili pamalo posungika.

Lachisanu, 20 Juni

Chakudya andiikira m'khitchini, pambali pa sinki, chitseko chotseka. Ati ndizidyera mommuno mpaka Raymond abwere, ndipo womuitana ndikhale ine, pakamwa panga.

Sindimuitana. Mphuno imazolowera.

Madzulo. Siizolowera.

Loweruka, 21 Juni

Kuimba sindinaimbe ayi. Raymondyo ndangomufulasha, foni itangolira kamodzi ndadula. Akaimba yekha, ndiye kuti wofuna nzeru ndi iyeyo.

Foni ikulira. Ilire kaye pang'ono.