Dzina la Esnart pa mzere wa a Kadzuwa

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumeneko? Ndine Yotamu, mwana wanu. Ndikhulupirira mpongozi wanu Esnart munamulandira bwino. Mwezi wa mawa chikwana chaka chitisiyireni. Mumuuze kuti mankhwala a BP ndikumwa, asade nkhawa.

Kuno ku Thamesmead, mu London muno, tilipo. Mdzukulu wanu Tadala anachira bwino kuchipatala cha ku Romford, konkuja ankagwira ntchito amayi ake Esnart. Ndi mwana wamkazi, makutu ndi anu enieni. Anandipempha kuti dzina ndipereke ndine, koma masabata atatu anatha pakamwa panga pali pouma. Nthanga zija munasiya m'botolo la khofi ndinadzala kukadimba kathu. Nkhwani tinadya mpaka kutopa, koma maungu ndinakolola atatu okha, ena onse nkhono zinamaliza.

Ndayamba ndi zimenezi chifukwa munkandiletsa kuyamba nkhani ndili wokwiya. Munkati, "Khala pansi kaye, Yotamu, umwe madzi." Ndakhala, madzi ndamwa, koma mtima sukuzizira.

Mukukumbukira chisankho cha chipulula chija, bambo akupikisana pa mpando wa gavanala wa chipani m'boma lathu? Pabwalo la sukulu opikisana anawamanga nsalu kumaso, ovota n'kumaima pamzere kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. A Kadzuwa, amene ankatsogolera achinyamata a bambo ndi kudya pakhomo pathu tsiku ndi tsiku, anadikira kuti nsalu imangidwe, n'kusamutsira anthu onse kumzere winawo. Bambo atamasulidwa anacheuka n'kupeza inu, ine ndi azibambo asanu. Voti yotere ilibe chinsinsi, aliyense anationa. Sabata isanathe denga lathu linapsa, tinathawira ku Lusaka, mpaka kudzafika kuno. Bambo anamwalira osapondanso kwawo.

A Kadzuwa atabwera ku London, inu simunkawapatsa moni kutchalitchi ku Peckham. Ine ndinkawapatsa. Ndinkati zakale zinapita. Pa maliro a Esnart anadzisankha okha kukhala wapampando wa komiti. Anaika buku pakhomo la holo kuti aliyense wodzapepesa alembe dzina ndi nambala ya foni. Pamwamba pa tsamba loyamba ndinalemba ndekha dzina la Esnart. Maliro atatha anati asunge kaye bukulo kuti alembere anthu makalata othokoza. Ndinalibe mphamvu zokana. Kalata sanalandire ndi mmodzi yemwe.

Tsono nthambi ya chipani ya kuno inafuna kusankha gavanala wake. Akuluakulu anati chipulula chichitike ngati kwathu, nsalu kumaso ndi mizere, ati ana obadwira kuno aone chikhalidwe. Chikhalidwe, Amayi! Opikisana anali a Kadzuwa ndi Mayi Tembo, namwino amene ankagwira wodi imodzi ndi Esnart, yemwenso ankamusambitsa masiku ake omaliza. Ine chichokereni kumudzi sindinalowe chipani chilichonse, koma ndinalandira uthenga pafoni woti ndine mmodzi wa ovota. Loweruka lapitali ndinakwera basi kuti ndikafunse amene anandilemba.

Inali holo yomwe ija tinalirira Esnart. Awiriwo anali atamangidwa kale kumaso. Mlembi ankaitana dzina, munthu n'kuyankha, n'kupita kumzere. Ndinamva akuitanidwa anamwino a ku Romford, amayi a kwaya, anzanga oyendetsa basi, onse a pamaliro aja. Ambiri sanabwere, koma dzina lililonse linali ndi woliyankha, chifukwa a Kadzuwa anabweretsa anthu pa kochi, basi yaikulu ija, kuchokera kunja kwa London. Wokopera mayina m'buku muja sanadziwe kuti dzina lapamwamba ndi la malemu.

Mlembi anaitana, "Esnart Mwale."

Mayi wina amene sindinamuonepo anayankha, "Ndilipo!" N'kunyamuka akutafuna chingamu, kukaima kumbuyo kwa a Kadzuwa.

Amayi, m'holomo munali anthu amene ananyamula bokosi lake. Munali amayi amene anaimba pamanda ake mvula ikuwanyowetsa. Onse anayang'ana pansi. Chimenecho ndiye chikundiwawa kuposa a Kadzuwa, amene ndinkawadziwa kale mtima wawo.

Mukudziwa kuti sindine wolankhula pagulu. Koma ndinangopezeka ndaima. Ndinati, "Mayi inu, mwati mulipo? Ine ndine mwamuna wake wa Esnart Mwale. Dothi loyamba ndinaponya ndine."

A Kadzuwa sankandiona, koma mawu anawazindikira. Analankhula nsalu ili kumaso, "Achimwene a Mwale, tikambirana panja, musaononge mwambo."

Ndinati, "Mwambo wake uti? Uja wa pabwalo la sukulu?"

Mlembi anayamba zoti ndi mistake chabe, ankolo, tikonza pambuyo. Ndinamuuza kuti akonze pomwepo, ine ndikuona. Anafufuta dzinalo. Mayi uja anachoka pamzere atagwira pakamwa, akuti anangouzidwa kuti akamva dzina limenelo ayankhe. Iyeyo sindinamukwiyire.

Ndikanatha kutuluka. Koma dzina langa litaitanidwa ndinayankha, n'kukaima kumbuyo kwa Mayi Tembo. Tinalipo asanu ndi atatu. A Kadzuwa anapambana, amayi a pa kochi n'kululutira.

Pali chinthu chimene sindinakuuzenipo. Zaka zonsezi, mumtima ndinkakuimbani mlandu. Ndinkati mukanachoka pamzere wa bambo mutaona kuti zaipa, mwina nyumba yathu sikanapsa. Tsiku lina ku Lusaka ndinakufunsani mozungulira, inu munangoti, "Ndinkafuna bambo ako akacheuka apeze nkhope yoti akuidziwa." Ndinkaona ngati ndi liuma. Loweruka, atawamasula nsalu Mayi Tembo, anacheuka pang'onopang'ono ngati munthu woopa kupeza khoma lokhalokha. Anandiona, n'kugwedeza mutu kamodzi. Ndikhululukireni, Amayi.

Dzulo kutchalitchi ondipatsa moni anachepa. Mkulu wina wa mpingo anandikokera pambali, ati ndinachititsa manyazi munthu wamkulu pagulu. Ndinamufunsa ngati mkazi wanga analibe ulemu woti n'kuusunga. Anayang'ana wotchi yake.

Titaweruka ndinapita ku Romford. Ndinamunyamula mwana uja, ndinamuuza Tadala kuti dzina lapezeka. Ndi Esnart. Likadzaitanidwanso kwinakwake, mwini wake adzayankha yekha.

Buku lija likadali kwa a Kadzuwa. Mawa ndikwera basi yoyamba kupita kunyumba kwawo. Sindikakweza mawu, koma pakhomopo sindikachoka ndili chimanjamanja. Ndikulonjeza kuti ndidzaliika m'kabati, pamwamba pa Baibulo lanu. Mundiperekere moni kwa bambo, ndi kwa mkazi wanga.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yotamu