Sensa Yonunkhira Ndimu

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kodi chifuwa chija chinawasiya alamu? Kuno tonse tili bwino kupatula mmodzi, ndipo ndi za iyeyo ndakulemberani. Musadzidzimuke, si munthu. Ndi galimoto ya Bambo, ija Amayi amaitcha mkazi mnzawo.

Mukudziwa kuti chipumireni pa ntchito yoyendetsa malole, Bambo salola munthu wina kugwira injini yawo. Loweruka lina m'mawa anavala ovolosi ija yong'ambika pabondo, anayala katoni pansi, n'kuyamba sevisi pabwalo. Anasintha oyilo, anaika mapulagi atsopano, anasinthanso sefa ya mpweya. Ine ndinali m'nyumba kusita, ndikungomva mluzu wawo.

Atamaliza anatiitana kuti tidzamve mmene mkazi mnzawo wa Amayi akuimbira. Achimwene, imeneyo sinali nyimbo. Injini inalira, inde, koma ikunjenjemera ngati munthu wamalungo. Chiwongolero gwedegwede, kalilole gwedegwede, muvi wa pa dashibodi ukungokwera ndi kutsika. Kenako panayaka kanyali kachikasu kaja kojambulidwa injini.

Akaponda moto imakhala ngati yachira, koma akangochotsa phazi imayambiranso. Mawa lake inazima pa mphambano, Amayi ali m'kati atavala diresi lawo labwino lija. Inakankhidwa ndi anthu ogulitsa malonda, Amayi atabisa nkhope ndi chikwama.

Bambo sanagonje msanga. Anamasula mapulagi onse n'kuwayezanso. Anatsatira mawaya kuti mwina anawasemphanitsa. Anasisita paipi ya mpweya kufunafuna pong'ambika, anamanganso mabandi ake. Anachotsa batire kuti kanyali kazime, ndipo kanazimadi, koma asanafike pa geti kanali katayakanso. Tsiku ndi tsiku boneti inali yotsegula, mluzu ukuchepera.

Apa ndiye pamene nkhani inasiya kuseketsa. Simunawaone Bambo chaka chino, ndiye simukudziwa kuti manja awo ayamba kunjenjemera pang'ono. Kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri. Ife timachita ngati sitikuona.

Madzulo ena ndikuweruka ku ntchito ndinawapeza pakhonde akupukuta masipanala, imodziimodzi, n'kumaika m'bokosi. Anandiuza kuti galimotoyo yatengera iwowo matenda, kuti manja onjenjemera amanga injini yonjenjemera. Anati bokosilo ndidzakupatseni inu mukadzabwera, ndipo galimoto aigulitsa isanawachititse manyazi ena. Analankhula akumwetulira, koma ine mtima unandiwawa kwambiri. Bambo opanda galimoto ndi masipanala adzadzukira chiyani m'mawa?

Ndinawapempha kuti tiitane a Mawaya, makaniko wa zamagetsi uja wa kumapeto kwa msewu wathu. Mukudziwa kuti kale Bambo akanandithamangitsa ndi tsache. Ulendo uno anangoti ndichite zimene ndikufuna, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukana.

A Mawaya anabwera ndi kamakina kawo kamene amalumikiza kunsi kwa chiwongolero, kamene kamanena pamene galimoto ikudwala. Kanaloza sensa ya mpweya, kachipangizo kakang'ono kokhala pa paipi, pafupi ndi bokosi la sefa. Anandifotokozera kuti kameneko ndiko kamauza injini kuchuluka kwa mpweya umene ukulowa, ndipo kakamanama, injini imasakaniza petulo molakwika. Pofuna kutsimikiza, anazula pulagi yake injini ikulira. Kunjenjemera kunachepa nthawi yomweyo.

Bambo anati n'zosatheka. Anati sensayo anaichotsa bwinobwino kuti bokosi litseguke, anaiika pa mbale yoyera pakhonde kuti isalowe fumbi, ndipo anaibwezera osaikhudza m'kati. Kenako anayang'ana manja awo n'kunena kuti mwina anaigwetsa osadziwa.

A Mawaya anaimasula n'kuiyang'ana padzuwa. Anati kawaya ka m'kati, kopyapyala ngati tsitsi, kaduka. Anadabwa kuti sensa yakale chonchi ikuwala bwanji. Kenako anaiyandikitsa kumphuno, anainunkhiza, anainunkhizanso, n'kufunsa ngati Bambo amagwiritsa ntchito oyilo wa ndimu.

Nthawi imeneyo Amayi anali akutuluka ndi thireyi ya tiyi. Anaima pakhomo, makapu n'kuyamba kulira pa thireyi. Tsopano onjenjemera anali atatu.

Anaika thireyi pansi n'kufotokoza. Anati tsiku la sevisi lija ankatolera mbale pakhonde, n'kupeza kanthu kakuda bii pa mbale yawo ya alendo. Anafunsa Bambo kuti n'chiyani, Bambo ali kunsi kwa galimoto n'kukuwa kuti ndi sensa. Amayi anamva kuti ndi sefa. Ndiye inu mukuwadziwa Amayi, sefa yakuda ingagone m'nyumba mwawo? Anaitengera ku sinki, anaithira sopo wa mbale uja wonunkhira ndimu, anaikwecha ndi mswachi wakale mpaka m'kati, anaitsukuluza, anaiumitsa, n'kuibwezera pa mbale. Anati ankadikira kuti ayamikiridwa, koma ataona kuti palibe wanenapo kanthu, anangoti amuna ndi choncho.

A Mawaya anayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. Bambo anafunsa kawiri ngati anamva bwino za mswachi. Kenako anaphulika kuseka, Achimwene, kuseka kumene sindinakumve zaka zambiri, mpaka anakhala pansi pa katoni misozi ili mbwembwembwe.

Amayi manyazi atawatha anayamba kudziteteza. Anati zaka zonsezi akhala akugawana mwamuna ndi galimoto imeneyi osadandaula, ndiye alakwa chiyani kumusambitsako mkazi mnzawo kamodzi kokha. Anatinso amene anapanga mawu awiri ofanana chonchi ndiye wolakwa. Koma atamva kuti Bambo ankafuna kugulitsa galimoto chifukwa chodziimba mlandu, anapita okha kukatenga bokosi la masipanala n'kuliika pa mapazi a Bambo.

Masiku ano m'nyumba muno mulibe mtendere. Bambo akafuna kusefa tiyi amapempha Amayi kuti awapatsire sensa. Amayi amawayankha kuti akamwere tiyi kwa mkazi wawo wapabwaloyo.

Tsopano pempho langa. Sensa ya galimoto yakale ngati imeneyi kuno sikupezeka, ndipo a Mawaya akuti zimene zilipo n'zachinyengo. Inu muli pafupi ndi masitolo akuluakulu a zipangizo. Chithunzi cha nambala yake ndatumiza pa foni ya alamu. Chonde tigulireni, mutumize pa basi.

Koma ndikukudziwani, Achimwene. Mudzafuna kubwera kudzaiika nokha, kapena kuuza a Mawaya kuti aiike pofuna kuti Bambo asavutike. Chonde musatero. Ndipo mukaimba foni musawauze kuti akula, azipuma. Afunseniko za galimoto yanu ngati kale, ngakhale yankho mukulidziwa.

Dzulo ndinawaona pabwalo atavala ovolosi ija, atatambasula manja padzuwa akuwayang'anitsitsa. Akunjenjemerabe, sindikunamizeni. Atandiona anati ndikuuzeni kuti bokosi lija mudikire kaye, eni ake akadali kuligwiritsa ntchito. Ndiye tumizani sensa yokha. Manja oti aimange alipo kale kuno.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti ana azivala zofunda, ndipo akutinso mukayerekeza kuseka, adziwa. Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa m'nyumba muno