Chitenge Chachikasu

Lachinayi madzulo, ku Kabwata. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

M'mawa ndaphunzitsa ana a giredi 12 tanthauzo la mitundu m'buku lina lakale la ku America. Ndawauza kuti wolembayo akatchula chikasu amanena golide wabodza, chinthu chowala kunja koma chowola m'kati. Ngakhale galimoto ya munthu wolemera wa m'bukumo, imene inagunda mayi pamsewu, inali yachikasu. Mtsikana wina wafunsa kuti, "Madamu, wolembayo anakuuzani, kapena mwangoganiza?" Ndamukalipira, chifukwa yankho ndinalibe.

Pofika kunyumba ndapeza mwana wanga Thoko atayala chitenge pampando, chachikasu, chonyezimira. Chachokera ku Kabulonga, dera la anthu olemera, kwa mayi a mnyamata amene akufuna kumukwatira. Akuti tonse tidzavale chimenechi pa kichini pate. Zinayamba liti kuti akuchimuna azisankha chitenge cha phwando la akuchikazi? Imeneyo ndi ntchito ya ine ndi azakhali ake. Sanatifunse n'komwe.

Nditayamba kumufotokozera za m'bukumo, wandidula pakamwa. "Mami, ni chitenge chabe. Musabwelese za mu kilasi kunyumba."

Mwina akunena zoona, mtundu ulibe mlandu. Koma Thoko yemweyu ali wamng'ono analira tsiku lonse nditamugulira diresi yachikasu, akuti akuoneka ngati papaya. Mpaka lero kapu yachikasu samwera.

Ndamufunsa ngati wachikonda. Wasisita nsaluyo, maso ali pansi. "Chili bwino, Mami. Nizazolowela."

Ukwati sunachitike, mwana wanga wayamba kale kuzolowera.