Nyama Yowamba ya Mlamu Wanu

Whitmore Reans,
Wolverhampton
18 Novembala 2007

Okondedwa achemwali a Zelipa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Mundiuze zoona, osati zija mumandiuza pa foni mothamanga poopa kutha mayunitsi. Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga, koma pali zimene ndikufuna ndikufotokozereni modekha.

Masiku ano ndikumakumbukira tsiku lija munandiperekeza kwawo kwa Chrissy ku Nambuma, ndisanamukwatire. Apongozi anatiphikira nyama yowamba yotendera. Ine manyazi anandigwira, ndinangotsina kawiri n'kusamba m'manja. Inu munapukuta mbale yonse, ndipo pobwerera munandiseka njira yonse kuti mwamuna wa digiri wagonja ndi ndiwo. Simunaone kuti Chrissy anali atandikulungira kachidutswa m'kapepala n'kundipatsa pa siteji. Kanali kouma gwaa, konunkhira utsi. Ndinakadya pang'onopang'ono mpaka tinafika ku Lilongwe.

Achemwali, mlamu wanuyo sakudya. Kumudziko ndinu nokha amene mukudziwa za khansa ija, chifukwa iye anakanitsitsa kuti amayi ake asamve. Mankhwala amene akulandira amupha mkamwa, akuti chilichonse chikumveka ngati akutafuna chitsulo. Adokotala aimitsa kaye mankhwalawo ponena kuti thupi latsika kwambiri, ndipo sangapitirize mpaka atayamba kudya. Munthu amene wakhala zaka akunyengerera odwala m'wodi kuti ameze phala, lero supuni imodzi yokha akuikankha. Ndayesa mpunga, ndayesa mbatata, amayi a kumpingo abweretsa miphika yawo. Amangothokoza n'kutembenukira kukhoma.

Mwezi watha, ndisanamufunse n'komwe, anati akulakalaka nyama yowamba ya amayi ake. Kuyambira pamene anadwala, chimenecho n'chinthu chokha chimene wapempha.

A Henry, mkulu wa mpingo wathu, anandibwereka mgolo wawo wodula pakati, wokhala ndi chivundikiro, umene timaotcherapo nyama pa zisangalalo. Ndinauika kuseri kwa nyumba. Kabwalo kake n'kochepa, mphasa zitatu zikhoza kukadzaza. Vuto linali loti nyamayo imafuna tsiku lathunthu pamoto wochepa, pamene ine sindingamusiye Chrissy yekha m'chipinda cha m'mwamba. Anatichenjeza kuti thupi lake likangotentha kufika pa 38, tithamangire kuchipatala nthawi yomweyo. Komanso asilikali a m'thupi mwake ndi ochepa, choncho nyama iyenera kupsa mpaka mkati. Iye monga namwino anandiuziratu kuti maso anga sawakhulupirira, popeza ndine munthu wopsereza ndi mazira omwe.

A Henry ndi amene anandiuza kuti kuli themomita ya nyama imene imakuuza kutentha uli m'nyumba. Kuno amaitcha ya wayilesi, koma musaganize kuti imaimba nyimbo ngati ija ankamvera abambo. Angoitcha choncho chifukwa ilibe chingwe. Umabaya kasingano m'nyama, ndipo kachipangizo kena konga foni ya m'manja umayenda nako, kakukuonetsa manambala.

Ndinazungulira masitolo a mu Wolverhampton, kenako ndinakwera sitima kupita ku Birmingham. Ponseponse zinthu zootchera nyama anali atazichotsa, m'malo mwake ataikamo mitengo ya Khirisimasi. Mtsikana wina wogulitsa anandifunsa kawiri ngati ndikunenadi zootcha nyama panja m'nyengo yozizira ino. Ndinangothokoza n'kutuluka.

Pomaliza ndinazipeza pa intaneti, mitundu itatu. Mukundidziwa ine posankha zinthu. Ina inali ya singano imodzi. Ina ya masingano awiri, imodzi ya m'nyama, inayo yoyeza kutentha kwa mkati mwa mgolo. Yachitatu imachita kulankhula ndi mawu a mzimayi wa ku America nyama ikapsa. Ndinawerenga ndemanga za ogula mpaka maso kuwawa, wina akuyamikira, wina akunyoza chinthu chomwecho. Ndikasankha iyi, mtima unkati nanga iyo. Ndinakamufunsa Chrissy. Anati yolankhulayo ndiisiye, mzimayi mmodzi wondilamula m'nyumba muno ndi wokwanira. Ndinatenga ya masingano awiri, chifukwa analemba kuti imafika patali.

Patali pakepo ankanena za pamtetete. Nyumba za kuno n'zogundizana, makoma ake a njerwa zakale, ochindikala. Chipinda chathu chili mbali ya kumsewu, mgolo uli kuseri. Ndikangolowa m'chipindamo manambala amazimiririka. Ndinayesa pawindo, ndinayesa pamwamba pa wadilopu, osatheka. Malo okhawo amene kachipangizoko kamagwira, ine n'kumamvabe Chrissy akaitana, ndi pokhota masitepe. Ndiye Loweruka lonse ndinakhala pamenepo, themomita ya nyama m'manja, ya Chrissy m'thumba la malaya. Sindinali pa nyama, sindinalinso pa wodwala. Mwana wathu Shalom pondidumpha anandiuza m'Chingerezi chake kuti ndikuoneka ngati mlonda wa pa sitolo.

Kachipangizoko katayamba kulira, kulira kwake kunali kofanana ndi kwa makina a dilipi kuchipatala. Ndinamva phokoso m'chipinda. Polowa ndinapeza Chrissy atakhala m'mphepete mwa bedi, maso ali ndi tulo, akufunafuna nsapato ndi phazi, akuti wodwala wina dilipi yamuthera. Ndinamugoneka.

Ndikuuzeniko chimodzi choseketsa. Shalom anakauza aphunzitsi a Sande sukulu kuti adadi ake masiku ano amakhala kuseri kwa nyumba tsiku lonse ndi utsi wawo. M'Chingerezi mawu onena kusuta fodya ndi onena kuika nyama pa utsi ndi amodzi. Lachitatu kunabwera amayi awiri a kumpingo, a Helen ndi anzawo, nkhope zili ngati akudzapepesa maliro. Anayamba ndi pemphero, kenako vesi lija loti thupi ndi kachisi, kenako a Helen anati akumvetsa kuti mavuto achuluka koma fodya si yankho, achimwene. Ndinawatengera kuseri n'kuwaonetsa mgolo. A Helen anagwira pakamwa, anzawo aja anakhala pansi ndi phwete. Chrissy atamva anaseka mpaka kutsokomola. Ndinali nditaiwala kaseka kake.

Koma mawu omwewo ndi amene anandisokeretsa inenso. Ndi amene ndinalemba pa intaneti, ndi amene ali m'kabuku kamene kanabwera ndi themomita, ndipo ndinkaganiza kuti akutanthauza kuwamba. Ndinatsatira kabukuko mzere ndi mzere. Ndinagula nthuli yaikulu ya ng'ombe, moto ndinausunga monga analembera, ndipo nambala itakwana ndinaphula. Nyama inatuluka yofewa, yamadzimadzi, yodulika ndi supuni. Ndinanyadira, achemwali. Ndinatendera mmene ndinathera n'kupita nayo m'mwamba. Chrissy ananunkhiza, analuma pang'ono, anatafuna nthawi yaitali. Anati ndi yokoma, ngati ya ku hotela, ndipo ndayesetsa. Kenako anati iyi ndi nyama yakupsa, si yowamba. Mbale anandibwezera ndi manja awiri.

Ndinayesanso Loweruka linalo. Ulendo uno ndinaidula mizeremizere monga ndikukumbukira kachidutswa kaja. Koma kasingano sikalowa m'nyama yopyapyala, kamangotulukira mbali inayo. Ndipo ndazindikira mochedwa kuti themomita imadziwa kutentha kokha, kuuma siikudziwa. Kuno mpweya womwe ndi wonyowa. Ina inapserera, ina inangolimba ngati mphira, yonse yowawa utsi wa nkhuni za kuno zimene sindidziwa n'komwe dzina lake m'Chichewa. Sindinamupatse. Anamva fungo lake ali m'mwamba ndipo sanafunse.

Chrissy sakumbukira mmene amayi ake amachitira. Anachoka pakhomo ali wamng'ono kupita kusukulu yogonera komweko, ndipo pa tchuthi ankangoipeza ili kale m'lichero. Amayi a kumpingo aliyense akunena zake, wina mchere poyamba, wina pomaliza, wina akuti ndingoiika mu uvuni. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma adokotala akutiyembekezera kumayambiriro a mwezi wamawa, ndipo sikelo yawo sidekha.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo n'lolemera. Mupite nokha ku Nambuma mukaonane ndi apongozi. Mukawafunse nkhuni zimene amagwiritsa ntchito, kutalika kwa nyama kuchoka pamakala, nthawi yothira mchere, ngati amavundikira kapena ayi, ndiponso chimene amaonera kuti yauma. Mukalembe zonse, ngakhale zooneka zopanda pake, ndipo mundiimbire kamodzi n'kudula, ndidzaimba ine. Nyama yeniyeniyo musatumize, pa bwalo la ndege salola, angakamuvutitse wonyamulayo.

Kulemera kwake ndi uku. Inu mukudziwa chimene mayi amaganiza akamva kuti mwana wake wamkazi wakana zakudya zonse ndipo akulakalaka chinthu chimodzi. Apongozi akhala akufunsa chaka ndi chaka kuti Shalom adzapeza liti mng'ono wake. Mukangotchula nyama yowamba adzati Chrissy ndi woyembekezera. Adzaimirira, adzaitana anansi. Ndaganizira njira yofunsira popanda iwo kuganiza zimenezo ndipo sindinaipeze. Kunama kuti ndine amene ndikuifuna sizingatheke, akukumbukira mmene ndinadyera tsiku lija.

Dzulo masana ndinamuuza Chrissy zonsezi. Ndinati sindingathe kuwamba nyamayi popanda amayi ake, ndipo sindingawafunse popanda kuwauza. Ndinati ndikapanda kufunsa, sindikudziwa china chimene ndingamupatse. Anayang'ana kudenga. Kenako anati ndikulembereni. Anati mukawakhazike pansi kaye amayi, m'nyumba osati pabwalo, ndipo mukayambe ndi matenda, nyama ibwere pambuyo. Anati mukasokoneza n'kuyamba ndi nyama, amayi akakweza dzanja kukamwa kuti aimbe nthungululu, mukawagwire dzanjalo asanayambe.

Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani katundu amene anayenera kukhala wanga. Mundikhululukire. Ndilibe wina woti ndimutume.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse, kwa amalume ku Kawale, ndi kwa azakhali mukawaona. Kwa apongozi mukanene kuti mkamwini wawo akuwapatsa moni ndi manja awiri, ndiponso kuti mwana wawo sali yekha. Shalom akuti moni, ndipo wajambula kanthu kumbuyo kwa tsamba lomalizali. Akuti ndi mgolo, ndi ine pa masitepe.

Nellie, mnzake wa Chrissy wa kuntchito, ndi amene akubweretsereni kalatayi. Akunyamuka lero kubwera kumudziko ndipo wafika kale kunyumba kuno, ali m'mwamba akutsanzikana ndi mlamu wanu. Ndikumva akutsika. Themomita ija ndaichotsa mabatire, ili pokhota masitepe kudikira foni yanu. Ndipinde mapepalawa ndimupatse.

Ine mlongo wanu,
Limbikani