Asanu Otsalawo Ndi Ndani?

Aphungu,

Ndine bambo woti imvi zayamba kusuzumira. Nditaphunzitsa masamu zaka zambiri, ndabwerera pa benchi ku yunivesite ya boma kukachita digiri yachiwiri ya ziwerengero. Anandikankha ndi akazi anga, ndipo malaya opita nawo kusukulu ankandisitira ndi iwo.

Mphunzitsi wathu timamutcha Bambo Mwina. Ukalemba kuti "zili chonchi", amazunguliza ndi cholembera chofiira. Amati munthu wophunzira amatsimikiza ndi magawo 95 pa 100, asanu otsalawo n'kusiyira chikayiko. Zimenezi zandilowa m'magazi.

Lamlungu lina masana ndinali pa tebulo lodyera, mapepala ali mbwee. Akazi anga, akupinda zovala, anandifunsa kuti, "Bambo a ana, kodi mumandikondabe ngati kale lija munkandidikirira pa geti la sukulu ya zosoka?" Ine osadzutsa mutu ndinati, "Ndikutsimikiza ndi 95 pa 100." Kukalasi kwathu palibe mawu aulemu oposa amenewo.

Anasiya kupinda. "Nanga asanu otsalawo ndi ndani?"

Ndinati asanuwo si anthu, ndi malo a zolakwika. "Ndiye zolakwika zilipo," anatero. Ndinatsegula buku kuwaonetsa chithunzi cha masamu athu chokhala ngati belu, ndi kuloza m'mphepete mwake: awiri ndi theka uku, awiri ndi theka uko. Anayang'anitsitsa, kenako anati, "Athekawo mukugawana ndi anzanu ati?"

Chiyambire tsikulo amandipatsa moni ngati wa lendi. Malaya ndikusita ndekha, awiri ndawotcha kale. Dzulo alamu anga anaimba foni kufunsa ngati abwere ndi galimoto kudzatenga katundu wa mlongo wawo. Aphungu, ine sindinayang'anepo kumbali. Nditani kuti banja langa lisathe?

L.B., kuseri kwa msika

A L.B.,

Akazi anuwo sanakufunseni funso la mayeso. Atha miyezi akuyankhula ndi pakati pa mutu panu, inu muli chiweramire, ndiye anangofuna kuonako nkhope. Malemu amuna anga masamu ankawathawa, koma ndikawafunsa funso lomwelo ankatsitsa wailesi n'kutembenuka. Zomwe ankayankha ndinaiwala kalekale. Kutembenukako ndimakuonabe.

Chotsani mapepala pa tebulo lodyera lero lomwe, lisanduke la banja ngati kale. Alamu auzeni mwaulemu kuti mafuta a galimoto asunge. Kenako khalani pansi ndi akazi anu mupepese, buku lili kuchipinda china, ndipo mawu akuti "koma" muwameze. Tsiku lina muwatenge kuyunivesiteko akaone kalasi yanu. Akakaona madazi ndi nkhope zotopa za anzanuwo, mtima udzakhala pansi, mwinanso adzakumverani chisoni.

Sukulu musasiye. Digiri imeneyo ndi yawonso, ndipo tsiku lovala mkanjo adzaimba nthungululu kuposa aliyense. Kungoti muphunzire kuvula chikayiko pakhomo pamodzi ndi nsapato.

Chenjezo langa ndi limodzi. Popepesapo musayerekeze kuwauza kuti pa avereji ndinu mwamuna wabwino. Iwo sanakwatiwe ndi avereji. Akadzafunsanso, ayang'aneni m'maso, nenani kuti "Eya", ndipo mutseke pakamwa.