Ndinaima Kumbuyo kwa Peggy

Chifunda, Chama

Wokondedwa mwana wanga Irene,

Uli bwanji kumeneko ku Kitwe, pamodzi ndi apongozi anga ndi kamdzukulu kanga? Ife kuno tili bwino, chimanga chamasula. Amene akudwala ndi atate ako, koma matenda ake ndi mkwiyo chabe.

Sabata yatha tinasankha wotsogolera gulu lolondera minda ku njovu. Anaimirira awiri: atate ako ndi Peggy, wamasiye uja wa kuseri kwa sukulu. Masankhidwe athu uwadziwa, opikisana amaima kutsogolo osacheuka, ife nkundanda kumbuyo kwa amene tamufuna.

Mwana wanga, atate ako ndimawakonda, koma tulo tawo! Chaka chatha njovu zinatha munda wathu iwo akuliza mkonono pansanja. Peggy akangomva nthambi kuthyoka, waimba kale chigubu. Ndinaganiza za njala ija, miyendo yanga nkupita yokha kwa Peggy.

Atauzidwa kuti acheuke, atate ako anapeza kumbuyo kwawo kuli anzawo osewera nawo nsolo basi, ena onse ali kwa Peggy. Anandisaka ndi maso, nkundipeza uko. Mayo ine! Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Kunyumba anati ndawavula pagulu, ndipo akaitana abale awo tikambe mlandu. Apa mtima unandiwawa, sindinama. Ndinawauza kuti pa ukwati ndinaima kumbuyo kwawo ndipo ndikadali pomwepo, koma njovu sizifunsa kuti mwamuna wako ndani. Iwo anangotulutsa mpando nkukakhala panja.

Manje pempho langa nali. Uwatumire foni, iwe amakumvera. Usawanyoze, uwauze chabe kuti amene sanakusankhe sindiye kuti wakukana.

Koma usade nkhawa kwambiri. Lero m'mawa ndawapeza kwa Peggy akusinja tsabola wothamangitsira njovu, misozi ili mbwembwembwe. Ndinafunsa ngati akulirabe chisankho. Anati ndi tsabola, ndipo popeza ndine ndinawabweretsera bwana ameneyu, ndigwire munsi winawo. Tasinja limodzi mpaka dzuwa pamutu, tonse tikuyetsemula.

Mulungu akusungeni nonse. Upereke moni kwa amuna ako Aaron, umuuze kuti tsiku lina nawenso ukadzaima kumbuyo kwa wina, asadzatulutse mpando panja.

Ndine amai ako,
Ennie